Khonde Limene a Birnholz Anagumula

Malemu a Naftali Birnholz, amene tawaika m'manda Lachiwiri lapitali, anali munthu wosakhazikika. Ngakhale m'sunagoge muno ankapemphera akuyendayenda, mpaka ife oyandikana nawo kumva chizungulire. Anabadwira ku Breslau mu 1904, bambo awo ali osoka zipewa, ndipo anaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Zinthu zitawaipira Ayuda ku Jeremani, anathawira kuno ku Tel Aviv mu 1934.

Iwo ndi mnzawo Kurt Zellner anamanga nyumba yoyera mbee ya nsanjika zitatu, yopanda chokongoletsa chilichonse, makonde ake ataliatali atasanjikizana ngati mashelefu. Mzinda wonse unaikamba. Magazini ina yakunja inalonjeza kutumiza wojambula zithunzi, ndipo dzina lawo linatsala pang'ono kumveka kutali.

Kenaka Chikondwerero cha Misasa chinayandikira, nthawi imene ife Ayuda timamanga msasa panja kapena pakhonde, kuufolera ndi masamba a kanjedza, nkumadyeramo. Tonse tikudziwa kuti pamwamba pa masamba a msasa payenera kukhala thambo lokha, osati denga lina. Pansanjika yapakati pankakhala Reb Hirsh, nkhalamba yopuwala miyendo imene sinkatha kukwera kapena kutsika masitepe, ndipo pamwamba pa khonde lawo panali khonde linzake.

"A Birnholz, nyumba yanu njokongola ndithu," anatero mkuluyo. "Koma ine chibadwire sindinaphonyepo msasa. Chaka chino ndikadyera kuti?"

Masiku atatu a Birnholz ankangoizungulira nyumbayo, chakudya osachikhudza. Tsiku lachinayi, atachonderera mwini nyumba ndi okhala pamwamba, anabwera ndi amisiri awiri ndi nyundo.

"Iwe Naftali, wapenga eti?" anakuwa Kurt. "Wojambula uja akufika sabata yamawa! Ukuononga nyumba chifukwa cha masamba a kanjedza?"

"Wolakwa ndine, Kurt. Ndinkangoona mizere, munthu osamuona."

"Ndiye kakhale rabi, pensuloyo undisiyire!"

Anagumula theka la khonde lapamwamba. Wojambula atafika anayang'ana, nabwerera kamera osaitsegula. Kurt anawasiya, nakatchuka yekha.

Kwa zaka makumi anayi a Birnholz anajambula tinyumba ta anthu wamba, makonde ake opatukana, lina uku lina uko, kuti banja lililonse lione thambo. Akatswiri anzawo ankawaseka kuti amamanga mano a nkhalamba. Tisabise, zinkawapweteka kwambiri. Akaona buku la nyumba zotchuka ankalitsegula msangamsanga chakumapeto kufuna dzina lawo, nkulitseka, nkutuluka panja. Akazi awo, mayi Perla, amati msewu wa nyumba yoyera ija ankaulambalala. Koma mapemphero am'mawa sanajombepo, ndipo denga la sunagoge yathu analikonza okha kawiri, osauza munthu.

Atadwala ndinapita kukawaona, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa zosafunsa.

"A Birnholz, khonde lija, simudandaula?"

"Tsiku ndi tsiku, mbale wanga," anayankha. "Inali nyumba yokongola zedi, sindinajambulenso ina yotero." Kenaka anati, "Koma Reb Hirsh anadya mumsasa zaka zisanu ndi chimodzi asanamwalire. Chaka choyamba anandiitana, ndinadya nawo."

Madzulo a tsiku lomwelo, mayi Perla atawagwira dzanja, a Birnholz ananena pemphero lathu la Shema mpaka kumapeto, natisiya mwamtendere. Tikamawakumbukira, ukhale mdalitso kwa ife.