Maso Anga Anali Pansi

Anandiitana Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale, chaka chimene anthu kuno ankakangana za kutuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Kuitanako sikunali kwachilendo. Aliyense wopempha malo othawirako ku Middlesbrough ankaidziwa ofesi ija ya boma yoona za alendo: umaima pamzere, umasayina kuti sunathawe, n'kubwerera kunyumba. Ndinanyamula ambulera ndi thumba la mabuku a masamu, poganiza kuti ndikatuluka ndikwera basi yopita kusukulu ya sekondale kumene ndinkathandiza ana. Ntchito yolipidwa anandiletsa, choncho ndinkagwira yaulere kuti mutu usachite dzimbiri.

Mayi wa pawindo anati, "Takhalani kaye apo." Kenako kunabwera alonda awiri. "Tiyeni kuno, sitichedwa." Anandilanda foni, lamba wa jekete ndi kampasi yanga ya masamu.

"Ichi n'chakuthwa," anatero mmodzi.

"N'chojambulira zozungulira."

"N'chakuthwabe."

Tsiku lomwelo galimoto yotseka mawindo inandipititsa kum'mwera, kumalo osungira anthu amene akudikira kubwezedwa kwawo. Mabuku anga anakwera kutsogolo, ine kumbuyo.

Kwathu ku Malawi ndinkaphunzitsa pasukulu ya atsikana yogonera komweko. Atsikana awiri a Fomu 4 anawaneneza kuti ali pachibwenzi, ndipo ahedi anafuna kuwaimika pa asembule n'kuwachotsa sukulu, mayeso ali pakhomo. Ndinakana pamsonkhano wa aphunzitsi. Posakhalitsa anthu anayamba kufunsa chifukwa chimene mayi wamkulu ngati ine ndinkakhalira nyumba imodzi ndi mkazi amene sanali m'bale wanga. Yankho anali nalo kale, ndipo linali loona. Zimene zinachitika panyumba pathu sabata yotsatira ndazifotokoza kokwanira kwa anthu a m'maofesi. Apa ndingonena kuti denga silinatsale, mnzangayo anathawira kwina, ndipo dzanja langa lamanzere silifumbata bwino mpaka lero.

Pasukulu ya ku Middlesbrough panali mphunzitsi wa mbiri yakale, mzungu wandevu, wokwatirana ndi mwamuna mnzake poyera, ahedi akudziwa. Lachinayi lililonse masana ankatsegula kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Munkabwera anyamata okonda anyamata, atsikana okonda atsikana, ndi mmodzi wobadwa ndi thupi la mtsikana koma wodzidziwa kuti ndi mnyamata. Munalibe zachilendo. Ana ankangofuna podyera popanda wina kuwagenda ndi tchipisi. Ndinapempha kuti ndizikhala nawo.

M'chipindamo ndi mmene ndinapeza mwana wa namwino wina wa ku Malawi amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mtsikanayo anabadwira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anali ataonda, yunifolomu ikuchita kumulendewera. Atandiona anatola chikwama kuti athawe, poganiza kuti nkhani ifika kwa amayi ake dzuwa lisanalowe. Ndinamuuza m'Chichewa kuti, "Khala pansi, udye." Anakhala, ndipo anadya. Nkhaniyo inafikabe kwa amayi ake kudzera mwa ena, monga zimayendera nkhani za pakati pathu a Malawi. Lamlungu lina amayiwo ananditsekereza pakhomo la tchalitchi.

"Aphunzitsi, mwana wanga ndinati muzimuthandiza masamu. Zanu zinazo mukanazisiya komwe munazitenga."

Kuyambira tsiku limenelo moni wawo unatha, ndipo benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Kumalo otsekerako sankatitchula akaidi. Mlonda wina wachifundo ankakonda kundikonza. "Ino si ndende, mayi." Ndinamufunsa ngati ndingatuluke kukagula sopo. Anati sizingatheke. Ndinamuuza kuti ndiye tisavutane ndi mayina. Mayi amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anamutenga m'mawa wina akadali ndi thawulo kumutu. Bedi lake analiyala bwino kwambiri masana omwewo.

Mu Malichi kunabwera mkulu wina kudzandifunsanso mafunso. Anali wofatsa, wa tayi yabuluu, ndipo ntchito yake inali kuona ngati ndinalidi chimene anandiwotchera nyumba.

"Mumapita kumabala a anthu ngati inu?"

"Sindimwa mowa."

"Koma kutchalitchi mumapita?"

"Lamlungu lililonse."

Analemba nthawi yaitali. "Zithunzi za inu ndi mnzanuyo muli nazo?"

"Zinapsa."

Zinandikwana, kunena zoona. Kwathu anthu sanafune chithunzi ngakhale chimodzi kuti akhulupirire. Kuno ndinafunika kukhala munthu wa kubala kuti ndikhale ndekha. Koma chimene chinandigwetsa si mowa kapena zithunzi. Bamboyo anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Ndaona kuti simundiyang'ana. Mukayamba nkhani ya mnzanuyo maso mumaika patebulo. Munthu wonena zoona sachita zimenezi."

Moyo wanga wonse ndinaphunzitsidwa kuti munthu waudindo sumamutong'olera maso. Ineyo ndinakalipirapo atsikana ambirimbiri kuti, "Iwe, tsitsa maso, ukulankhula ndi mphunzitsi." Ulemu wonse umene ndinali nawo ndinaupereka kwa bamboyu, ndipo iye anaulandira ngati umboni wa bodza. Ndinamufotokozera kuti kwathu timatero. Anati, "Koma kuno si kwanu." Ndinakweza nkhope n'kumuyang'anitsitsa osaphethira mpaka misozi inalengeza. Anati tsopano ndayamba sewero. Potuluka anandiuza mwaulemu kuti ulendo wanga wa pandege ayamba kuukonza.

Sabata zotsatirazo sindizifotokoza kwambiri. Ndinkagona ndi nsapato pafupi. Makiyi akalira m'khonde, ndinkadzuka n'kuzivala.

Mphunzitsi wandevu uja sanagone. Anapeza loya, ndipo ankandiimbira pa kafoni kopanda kamera kamene a kumaloko anatipatsa. Ana a Lachinayi, anatero, ankafunsa za ine, ndipo mpando wanga sankalola wina kukhalapo. Loyayo anati apempha belo, koma pafunika munthu wokhala ndi nyumba woti andisunge, ndipo zikanathandiza akanakhala wa kwathu wondidziwa bwino. Ndinaseka. Ndinamuuza kuti a kwathu ondidziwa bwino ndi omwewo amene ankandithawa pabenchi.

Mlandu wa belo unamvedwa Lachisanu, mu Epulo. Sananditengere kukhoti. Anandikhazika m'kachipinda, kutsogolo kwa kanema, khoti ndikulionera pagalasi. Ajaji anali mayi wa imvi. Kumbali ndinaona ndevu za mnzanga uja. Pafupi naye panakhala namwino, amayi a mtsikana uja, jekete pamwamba pa yunifolomu, chikwama chili pamiyendo. Ndinaganiza kuti abwera kudzandimaliza.

Ataitanidwa anaimirira, manja atagwirana kutsogolo, mutu atazolika. Chimene ndinkaona pagalasipo ndi mzere wa pakati pa tsitsi lawo.

"Mayi, chonde yang'anani kuno polankhula," anatero ajaji.

Anakweza nkhope pang'ono, maso n'kubwereranso pansi okha.

"Pali chimene mukuopa?"

"Palibe. Ndagwira ntchito m'chipatala kuno kuyambira mwana wanga asanabadwe, odwala ndimawayang'ana m'maso tsiku ndi tsiku. Koma inu ndinu ajaji. Amayi anga atandiona ndikukutong'olerani maso, akhoza kundipatsa khofi pompano."

Ajaji anatsegula mapepala awo, n'kuwerenga penapake, mwina pamene mkulu wa tayi yabuluu uja analemba za maso anga, kenako anatembenukira kukanema. Ndinaziona ndi kumbali kwa diso, chifukwa nanenso, mwachizolowezi, maso anali patebulo. Loya wanga anandiuza pambuyo pake kuti m'khotimo munaoneka mitu iwiri yozolika, wina wa pamaso, wina wa pagalasi, ndipo iye sanafunike kuwonjezera zambiri.

"Mumadziwa chifukwa chimene mayiyu anathawira kwawo?" anafunsa ajaji.

"Ndimadziwa. A Malawi onse a m'tauni mwathu amadziwa, n'chifukwa chake sitimawapatsa moni."

"Ndiye mumagwirizana ndi moyo wawo?"

"Sindigwirizana nawo. Ndinawakalipira pakhomo la tchalitchi anthu akuona." Kenako anawonjezera. "Koma mwana wanga anasiya kudya, ndipo ine, namwino, sindinaone. Anaona ndi iwowa. Chiwatengereni, chakudya chikubwereranso kunyumba chosakhudza. Zinazo ine ndi Mulungu tikambirana. Akagone kwanga."

Ananditulutsa tsiku lomwelo. Mlonda wachifundo uja anandibwezera foni, mabuku, lamba ndi ambulera, n'kunena kuti, "Zabwino zonse." Kampasi inali itasowa. Pasiteshoni ya sitima ku Middlesbrough namwinoyo anali akundidikira. Sanandikumbatire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaondatu, aphunzitsi. Tiyeni, basi itisiya."

Mlandu wanga unamvedwanso, ndipo chaka chotsatira anandilola kukhala. Anthu amafuna ndizinena kuti ndikuthokoza, ndipo ndimathokozadi, koma mkwiyo sunathe. Dziko lina linandithamangitsa chifukwa linakhulupirira msanga, lina linanditsekera chifukwa linakana kukhulupirira, ndipo ine ndinali munthu yemweyo, mphunzitsi wa masamu amene sanafune kuti ana azichititsidwa manyazi pasukulu. Ufulu ndinkauyesa chinthu chachikulu. Umene ndinaupeza ndi wa kukwera basi, kutsika pamene ndafuna, ndi kutsegula chitseko ndi dzanja langa.

Lachinayi loyamba nditatuluka, pamene za mapepala zinali zisanadziwike, ndinabwerera m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Ana anaombera m'manja ndipo ndinawauza kuti aleke phokoso. Mtsikana uja sanaombe nawo. Anadzaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso, ndii, ngati mmene ana a kuno amachitira.

"Anti, adzakutenganinso?" anafunsa m'Chingerezi.

Mawu akale aja anafika kale pamlomo, oti iwe mwana, tsitsa maso. Ndinawameza. Ndinamuyang'ana nanenso, ngakhale khosi linkafuna kugwa lokha.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Koma lero ndilipo. Tsegula chakudya chakocho."

Anatsegula, ndipo anadya chonse ine ndikuona.