Halima, nyenyezi ndi mpweya wa mbaula

Lachiwiri ndinaitanidwa ku Nkope. Mukudziwa kale kuti kwathu kuno nkhani ya mwana ikavuta, amathamangira kwa malume. Ndinavala jekete m'kutentha konse kuja, kuti ndioneke ngati woweruza.

Mlandu unali wa Halima, mwana wa chemwali wanga. Wamaliza digiri, ndipo wapeza malo kunja okapitiriza maphunziro a nyenyezi. Bambo ake, Che Jafali, msodzi wodziwika pagombe lonse, anakanitsitsa kwamtuwagalu.

Ine ndi Halima tinawapeza bambowo masana pansi pa mtengo wa mango, akusoka khoka.

"Alamu, mwanayu akuti akukafufuza mpweya," anatero Che Jafali osadzutsa mutu. "Mpweya! Kuno watha?"

Ndinaseka, ngakhale woweruza saseka. Koma Halima misozi inali italengeza, ndipo zinandikhudza.

"Iwe, tafotokoza m'Chichewa," ndinamuuza. "Chizungu chisiye kaye m'chikwama."

Anayamba mwachibwibwi. Anati nyenyezi zimabadwa, ndipo zimabadwira m'mitambo ya mpweya wozizira kwambiri. Kutali uko kuli milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi, imene kuwala kwake kunanyamuka dziko lino lisanakhaleko. Kalelo inali ndi mpweya wambiri, choncho inkaswa nyenyezi mothamanga. Vuto ndi lakuti mpweyawo suoneka, ngakhale pa makina oonera kutali.

"Ndiye ukafufuza bwanji chosaoneka?" anafunsa bambo ake.

"Timayang'ana mpweya wina umene umayenda nawo, ababa. Uja wa mbaula, wokomola anthu m'nyumba yotseka. Umenewo makina amaugwira. Tikauona, timadziwa kuti winawo uli pomwepo."

Che Jafali anasiya kusoka.

"Monga mbalame?"

"Mbalame ziti, ababa?"

"Usipa uli pansi pamadzi sitiuona. Timaona mbalame zikuwirira pamwamba, basi n'kupalasa."

"Eya, ababa! Ndi zomwezo!"

"Nanga osanena kalekale bwanji kuti ndiwe msodzi?"

Apa jekete langa linatha ntchito.

Pobwerera pa kabaza ndinkadzifunsa: ndi ana angati amene tawabweza pakhomo chifukwa choti sitinamve chimene akufuna? Makolofe timafulumira kufunsa kuti, "Zimenezo n'zodya?" Nawonso ana ophunzirawa, akafika kumudzi amatiwaza Chizungu ngati akuyankha mayeso, kenako amvekere akuluakulu ndi osamva. Tonse tili ndi mlandu. Munthu sangadalitse ulendo umene sakuumvetsa, ndipo Che Jafali sankadana ndi sukulu. Ankangoopa kutaya mwana ku zinthu zopanda mutu.

Tsikulo ndisananyamuke, Che Jafali anamuitana Halima, khoka lili pamiyendo.

"Pita," anatero. "Koma tamvera za ntchito yathuyi. Tsiku lina mbalame zidzakunamiza, udzabwerako chimanjamanja. Usadzalire. M'mawa mwake udzapalasenso."

Halima analira pomwepo.

Nanga inu, mwana wanu atabwera ndi nkhani yosamveka, mwamufunsa kale kuti mbalame zake ndi ziti?