Pomwe Che Lukmani Anagogoda

Che Lukmani a ku Samanga, ku Zimbabwe, anabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi, kwa makolo ochokera ku Mangochi, ndipo anakalambira pa chiwongolero. Anzawo akuthyola tiyi, iwo ankayendetsa Landirova yobiriwira ya esiteti, ija yokoka ndi mateyala onse anayi. Ankanyamula mabwana, odwala, matumba a feteleza, nthawi zina ndi mbuzi ya pa Idi. Anali ndi matama pang'ono, tisabise. Mvula ya m'chigwa chawo cha Honde ikasandutsa msewu phala, iwo ankakonza kachisoti kawo koyera n'kumadutsa amathirakitala otitimira akuwabayibitsa.

Atapuma ntchito, esiteti inagulitsa galimotoyo, ndipo sanafunse komwe inapita. Ankaopa kuti yankho lake liwapweteka.

Mwana wawo Zaina anatengera bambo ake. Ndi makaniko ku Mutare, ndipo analowa m'kagulu ka anthu opikisana kukweza magalimoto m'zitunda, m'matope ndi m'miyala. Che Lukmani ankati imeneyo ndi misala, chifukwa iwo zomwezo ankachita kulipidwa nazo. Komabe Zaina atafuna kugula galimoto yakale yogwirizana ndi thumba lake, anadzawatenga kuti akamuthandize kusankha kwa Kefasi, wogulitsa magalimoto ogwirapo ntchito ku Ruda.

Kefasi anali nazo ziwiri. Ina inali pikapu yoyera, yopindikapindika ngati beseni lakale. Inayo inali Landirova yopakidwa utoto wofiira watsopano. Zaina anayamba ndi pikapu. Anaikweza pakamtunda, n'kumvetsera magiya, n'kuona utsi ndi oyilo, ndipo anati injini ndi yamoyo ngakhale nkhope ndi yonyansa. Potembenuka anapeza bambo ake atakhala m'Landirova, dzanja lili pa giya.

Mutu wa giyayo unali wamtengo. Che Lukmani anausema okha kalekale kuchokera ku chitsa cha tiyi, wapulasitiki utasweka, ndipo chikhatho chawo chinauzindikira maso asanaone. Inali yomwe ija. Kumbuyo kwa galimoto imeneyi n'komwe malemu mkazi wawo Zahra anaberekera Zaina, mtsinje utadzaza asanafike kuchipatala.

Zaina nkhaniyo anakula nayo, choncho atangowaona maso anadziwa. Injini ya Landirova inalira bwino, mtengo wake sunkasiyana ndi wa pikapu.

"Baba, titenge iyi," anatero. "Lachisanu ndizikuperekezani nayo ku mzikiti. Igogodeni chabe, timalize."

Kugogoda unali mwambo wa madalaivala a pa esiteti. Galimoto sankaikhulupirira ndi maso. Ankalowa kunsi ndi sipanala n'kumenya chasisi, msana wachitsulo womwe galimoto yonse imakhalapo. Chitsulo chabwino chimalira ngati belu, chowola chimangoti phu.

Che Lukmani anayala thumba n'kukwawira kunsi, mawondo akudandaula. Anagogoda kutsogolo, ngwee. Anagogoda pakati, ngwee. Kefasi anamwetulira n'kunena kuti mdala wadzimvera yekha, ndipo Zaina anali atayamba kale kukamba zoibwezera utoto wobiriwira.

Koma panatsala malo amodzi, pamwamba pa teyala lakumbuyo lakumanzere, omwe ankawadziwa ndi iwo okha. Pamenepo bodi inali ndi kachiboo, ndipo zaka zonse zija feteleza wonyowa ankadontheramo. Feteleza amadya chitsulo kuyambira m'kati. Akanatha kutuluka osagogodapo, ndipo palibe akanadziwa. Anagona chagada m'fumbimo akuifuna galimotoyo ndi mtima wonse, chifukwa mwa zonse za masiku a Zahra n'chokhacho chinali chitabwerera. Kenako anamuona Zaina m'maganizo ali pachitunda, galimoto itapendekeka, kulemera konse kuli pa teyala limenelo.

Anati Bisimila n'kumenya. Sipanala inaboola n'kulowa, dzimbiri linawagwera kumaso ndi m'ndevu.

Kefasi anagwira pakamwa, ndipo zinkaoneka kuti nayenso sankadziwa. Zaina anawathandiza kudzuka, akunena mwachangu kuti chasisi imawotchereredwa, kuti iye mwini angaikonze. Che Lukmani anapukuta m'maso kwa nthawi yaitali ndithu, n'kunamizira dzimbiri.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Iyi inakunyamula kamodzi, inakufikitsa. Kachiwiri siingathe."

Anagula pikapu. Pochoka, Kefasi anamasula mutu wa giya uja n'kuwapatsa. Zaina anayesa kuuika pa pikapu, koma mazinga ake sanagwirizane.

Pikapu yonyansayo ikupikisanabe mpaka lero, ndipo imabwerako nthawi zonse, matope okhaokha. Zaina akabwera ku Samanga Lachisanu, amawanyamula nayo bambo ake kupita ku mzikiti. Iwo amakhala kumpando wa apaulendo, dzanja lili m'thumba la mkanjo momwe amasunga kamtengo kaja. Akafika pachitunda cha kuseri kwa esiteti, injini ikayamba kulemedwa, dzanjalo limasintha giya m'thumbamo, Zaina asanasinthe yake.