Gemu Yopanda Chingwe

"Iiii, kwereni, kwereni! Mufa nonse!"

Amenewo ndi mawu a Bakali, ndipo ine Jeremiya ndimawatsanzira bwino kuposa eni ake. Ndimakweza mapewa chonchi, kutulutsa maso, mawu n'kuwapyapyalitsa ndi kachiyao kawo kaja. Anyamata a pa Nkope amaseka mpaka kugwira m'mimba. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma pa zotsanzira anthu ndiye ndinakhoza.

Zinayambira m'kashedi ka Paulo, mnyamata wa ku Chiponde amene anabwera ndi laputopu yakale ndi sola. Inali nyengo yomwe nyanja imatsekedwa, maukonde ali pamtunda, tonse tilibe chochita. M'laputopumo munali gemu ya munthu amene wagwera pakati pa nyanja yaikulu yekhayekha. Amamira pansi kukafuna zitsulo ndi chakudya, ndipo pakona pali kachizindikiro ka mpweya. Kakatha, wafa.

Aliyense anali ndi maganizo ake pa gemuyi. Paulo ankati ndi yokongola koma imadya batire ngati njala ya mu Febuluwale. Davide, mnzanga wopalasa naye, ankadandaula kuti mulibe mfuti.

"Chinsomba chachikulu ngati minibasi chikubwera, iwe uli ndi kampeni kosendera mango. Chilungamo chimenecho?"

Ine chinkandipweteka ndi ludzu. Munthu ali m'madzi mpaka m'mutu, koma ati akufa ndi ludzu. Paulo anati ndi madzi amchere. Ndinati ndiye asamuke, abwere kuno.

A Bakali ankangoima pakhomo, manja kumbuyo, kofia ili pamutu. Ndi bambo wamfupi, wa chifuwa chachikulu, amene anakulira m'boti la a Albino, mwini ukonde wa chilimira. Ukonde ukakodwa m'miyala pansi, wina amayenera kumira kukaukodola. Womira anali Nuru, mng'ono wa a Bakali. A Bakali ntchito yawo inali kugwira chingwe chomwe Nuru ankamanga m'chiuno. Anali ndi chinenero chawo awiriwo: kugwedeza chingwe kamodzi ndiye kuti "ndili bwino, ndisiye," kugwedeza kambirimbiri ndiye kuti "ndikoke."

Chaka chatha, cha ku Makokola uko, ukonde unakodwa. Nuru anamira. Chingwe chinagwedezeka kamodzi, a Bakali n'kudikira monga mwa nthawi zonse. Sichinagwedezekenso. Pomwe ankakoka, n'kuti mwendo wa Nuru utakulungidwa mu ukonde. Anamuika tsiku lomwelo, ndipo a Bakali ndi amene anamusambitsa. Palibe amene anawanena kanthu, ngakhale a shehe anati inali nthawi yake. Koma kuchokera pamenepo sanakwerenso boti. Ngakhale kusamba, akazi awo a Halima ankachita kuwatungira m'ndowa.

A Albino anawasungira malo chaka chonse. Kenako anabwera pa shedi pomwepo, tonse tikumva.

"Achimwene, nyanja ikatsegulidwa ndikufuna munthu wa chingwe. Mukapanda kubwera, ndiika wina. Sindikukuthamangitsani ayi, koma ana anu akudya kwa aneba."

A Bakali anangoti, "Ndamva."

Tsiku lina Davide akusewera, anatsika pansi kwambiri kuthamangira kachitsulo kowala. Mpweya unatha. Chithunzi chinayamba kuda m'mbali, kuda, kuda, mpaka bii. Ndi pomwe a Bakali anakuwa mawu aja, "Kwereni!" Kenako munthu uja anadzuka m'kaboti kake, wouma bwinobwino, n'kudumphiranso m'madzi.

"Wadzuka?" anafunsa a Bakali.

"Eee, mukafa mumangoyambiranso," anatero Paulo.

Kenako a Bakali anapempha kuti ayeseko.

Pa anthu onse amene anaigwirapo gemu ija, a Bakali ndi amene ankaiyamikira mwanzeru. Ankati amene anaipanga anamirapo ndithu, chifukwa phokoso la pansi pa madzi analipeza, kaja kamangoti nguu m'makutu, komanso mmene kuwala kumacheperachepera ukamatsika. Nsomba zokha ndi zimene ankati n'zabodza, zamaso ngati matochi, palibe ndi chambo chomwe. Koma cholakwika chachikulu ankati ndi chimodzi.

"Amutumiza bwanji munthu pansi popanda chingwe? Pamwambapo palibe aliyense. Ameneyu alibe abale?"

Kasewereredwe kawo ndiye kankatitopetsa. Akangomira pang'ono, mpweya usanafike ndi pakati pomwe, abwerera kale pamwamba. Zitsulo zabwino zonse zili pansi, iwo akungotola zinyalala za m'mphepete. Sanafepo ngakhale kamodzi, komanso sanapite patali. Davide ankati, "Madala, batire ikutha, tipatseniko ife ofuna kufafe." Ine ndinkaima kumbuyo kwawo n'kumawatsanzira, tsaya litatupa ngati ndasunga mpweya. Iwonso nthawi zina ankaseka, n'kunditcha mwana wopanda mchira.

A Halima anabwerapo kamodzi, mwana kumbuyo, n'kuima panja.

"Bambo a Zena, madzi a m'galasimo mulowa, enieniwa ayi?"

A Bakali anangopitiriza kusewera. A Halima anakhalabe pang'ono, kenako anapita.

Tsiku lotsegulira nyanja linafika. Ine sindinapite nawo chifukwa ndinali nditaponda msomali. Ndinakhala pagombe kuonerera akukweza ukonde. A Albino ankangoyang'ana kunjira ya kwa a Bakali. Injini anailiza mochedwa dala. Pamapeto pake chingwe anamupatsa Davide, amene sanachigwirepo chibadwire, boti n'kunyamuka.

Ndinatsimphina kupita kwa Paulo. A Bakali ndinawapeza momwemo okha, atavala kabudula wawo wa kuntchito, ndiye kuti kunyumba anachoka ngati akupita kunyanja. Pagalasi munthu uja anali atangomira, ndipo iwo anali akumukweza kale. Ndinafuna kuti aseke, paja ndi zomwe ndimatha.

"A Bakali, mpweya wonsewu mukusungira ndani? Mukuopa chiyani, poti mukafa mudzuka m'kaboti?"

Sanatembenuke. Anadikira mpaka mutu wa munthu uja utatulukira pamwamba pa madzi.

"Iwe ukuganiza kuti uyu ndi ine? Ine ndili pamwamba, Jeremiya. Uyu akangogwedeza kamodzi, ndikumukoka."