Anapita Kukatenga Bambo Anga

Mkangano wa banja lathu ndi banja la kwawo kwa mnyamata amene ndinamukonda unayamba ine ndisanabadwe, ndipo unayambira pa dimba. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, atasenza mphasa ndi mapoto basi. Agogo anga aamuna anawabwereka chigawo cha dimba lathu m'mphepete mwa dambo, kumunsi kwa Makhuwira, kuti azilimapo mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, iwo anatsala. Agogo atamwalira, bambo anga anapita kukanena kuti dimba libwerere kwa eni ake. Anawayankha kuti malowo anachita kupatsidwa, sanabwereke, ndipo munthu amene akanatsimikiza anali atagona kale kumanda.

Ndinakula ndikudziwa kuti anthu aja sitiwapatsa moni. Mbuzi zathu zikalowa m'dimba muja zinkabwerako zitatemedwa miyendo. Nthochi zawo zinkapezeka zitagwetsedwa zisanakhwime, ndipo achimwene anga ankafika kunyumba chikwanje chili utomoni wokhawokha. Chaka china achimwenewo anamenya mwana wamkulu wa kumeneko ndi mpini wa khasu. Mkono unathyoka, unapola chokhota, ndipo uli choncho mpaka lero. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Ikafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, amayi anga ankawerama ngati ataya kanthu pansi, amayi a kumeneko nawonso ankayamba kukonza duku.

Amene ndinamukonda anali chitsiriza m'banja limenelo. Ankawolotsa anthu ndi bwato pa mtsinje umene unali pakati pa mudzi wathu ndi msika. Ine ndinali mtsikana wamkulu kale, ndinkagulitsa tomato ndi nsomba za mphende zowamba, ndipo njira ina yopitira kumsika kunalibe. Ndinkakwera bwato lake nditamufulatira. Tsiku lina tili pakati pa madzi dengu langa linapendekeka, tomato anakhuthukira mumtsinje. Iye anaimitsa bwato n'kuyamba kumukokera ndi nkhafi mmodzimmodzi, anthu akudandaula kuti akuwachedwetsa. Atamaliza anandiyang'ana, n'kunena ndi Chichewa chake chopindikira ku Chisena:

"Musakawauze baba anu kuti ndamugwira tomatoyu. Angamutaye yense."

Ndinayesetsa kugwira pakamwa koma kuseka kunandipulumuka. Potsika ndinamuuza kuti takhuta, kuthokoza kwa kwawo. Anangoti kukamwa yasa.

Zinayamba motero. Ankachedwetsa dala ulendo womaliza kuti ndikwere ndili ndekha, ndipo m'malo mowoloka molunjika ankalowetsa bwato m'mabango, kumene kunali mbalame zokhazokha. Ankandikumbira nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi, n'kumandiseka kuti sindidziwa kusenda. Sankalankhula zambiri. Ndikayamba za dimba ankati, "Ine sindinalimepo pamenepo ngakhale mzere umodzi. Munda wanga ndi madziwa." Ndinkamukhulupirira, ndipo ndinayamba kuganiza kuti popeza ife awiri tinalibe mlandu, akuluakulu adzatopa okha.

Anatuma amalume ake kuti adzafunsire mbeta. Anafika masana atavala jekete, ali ndi mkulu wa mpingo. Bambo sanawayalire mphasa. Anawasiya chiimire padzuwa, iwo ali pansi pa mtengo wa masau akusoka ukonde, osadzutsa mutu.

"Mwabwera kudzabweza dimba?"

"Ayi baba, tabwera ndi nkhani ya ana."

"Dimba munatenga. Tsopano mukufuna mwana wanga. Mawa mudzafuna mkazi wanga. Tulukani pakhomo panga."

Tsiku limenelo achimwene anandimenya mpaka diso linatseka, amayi akukuwa kuti mundiphera mwana. Kwawonso sikunali bwino. Amayi ake anamuuza kuti akadzandilowetsa m'nyumba mwawo, iwo adzatuluka ali mtembo. Mkulu wake anamuonetsa mkono wokhota uja n'kumufunsa ngati waiwala.

Anandiletsa kupita kumsika. Tinkaonana mwakabisira ku dimba la azakhali anga, amene ankanamizira kuti sakuona. Mvula isanayambe ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Amayi anadziwa ndisanawauze. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, anandigwira mapewa, n'kulira osatulutsa mawu. Anati bambo ako asadziwe mpaka titapeza pokuthawitsira. Mnyamata uja ankafuna kuti tipite ku Nchalo, akayambe kudula nzimbe, tikabwereke kachipinda. Tinagwirizana kuti tinyamuke mvula ikangodula, misewu ikauma.

Mvula sinadule. Inagwa masiku otsatizana, ndi mphepo imene inasasula madenga. M'mawa wina tinamva mkokomo kuchokera kumtunda, ngati magalimoto ambiri akubwera pamodzi. Pamene tinkatuluka, madzi anali atafika kale m'mawondo, odera, atanyamula nkhuku, zitseko ndi mitengo yathunthu. Tinathawira pa chulu chachikulu chimene chinali kuseri kwa nyumba, pamene panamera mtengo wa bwemba: ine, bambo, amayi, mng'ono wanga ndi ana awiri a achimwene. Achimwenewo anali atapita kukamasula ng'ombe ndipo anapulumukira kwina. Tili pachulupo tinaona nyumba yathu ikukhala pansi pang'onopang'ono, kenako denga linatembenuka n'kumapita.

Dzuwa silinaoneke, koma ndikuganiza kuti inali pafupi ndi masana pamene bwato lake linatulukira pakati pa mitengo ya mgwalangwa. Anali atawolotsa kale abale ake. Anakocheza pachulu n'kuyamba kunyamula ana. Amayi anakwera, mng'ono wanga anakwera, ine ndinakwera. Bambo anakhala pa muzu wa bwemba atakumbatira mawondo.

"Baba, kwerani. Madziwa akukwerabe."

Bambo sanamuyang'ane.

"Bambo, chonde," ndinatero ine. Amayi anagwada m'bwato momwemo, akuwaitana ndi dzina la mfunda wawo.

"Pitani," anatero bambo. "Ine bwato la akuba sindikwera. Ngati n'kufa ndifere pano, pa nthaka ya bambo anga."

Iye anatsika, madzi akumufika m'chiuno, anawagwira mkono. Bambo anamukankha mpaka anagwa chagada. Bwato linayamba kuzungulira, ana akukuwa. Anasambira, anakwera, ndipo tinachoka. Ndinawayang'ana bambo mpaka mitengo inawabisa.

Anatifikitsa pa sukulu ina ya pamalo okwera, pamene panali khamu la anthu onyowa, ena akufuula mayina a ana awo. Amayi anga atangoponda pansi anadzigwetsa m'matope, akulira maliro a munthu wamoyo. Iye anaima pang'ono, anamwa madzi a mvula m'manja, n'kuyamba kukapa madzi amene analowa m'bwato. Amayi ake anadziwa chimene akufuna kuchita. Anathamanga, anamugwira malaya, akulankhula Chisena mofulumira, kuti munthu ameneyo wakana yekha, munthu amene anathamangitsa amalume ako ngati agalu. Inenso ndinamugwira dzanja linalo. Ndinamuuza kuti adikire madzi achepe mphamvu, kuti chulu n'chachitali, kuti wapalasa kuyambira m'mawa. Pakamwa panga pankanena zimenezo, mtima wanga uli pa muzu wa bwemba. Sindinkadziwa chimene ndikupempha Mulungu.

Anandiyang'ana pamimba, n'kutsitsa mawu kuti amayi ake asamve.

"Mwanayu akadzakula adzamva kuti ndinasiya agogo ake pa chulu. Ndidzamuyankha chiyani? Akakana ndikawamanga ndi chingwe."

Anavula malaya aja, kuwasiya m'manja mwa amayi ake, n'kukankha bwato.

Sipanapite nthawi yaitali, tinamva injini. Linali boti la asilikali, lodzaza ndi anthu, likuchokera mbali ina ya mudzi. Pakati pawo panali bambo anga, atafunda pepala la pulasitiki. Asilikali anawapeza pachulu ife titangochoka, ndipo iwo sanawanyengerere, anangowanyamula. Amayi anawakumbatira miyendo. Ine ndinathamangira kwa msilikali amene ankayendetsa boti, ndinamugwira yunifolomu, ndinamuuza kuti kuli mnyamata wapita komweko ndi bwato, mukamubweze, akufuna munthu amene ali pano. Anati mafuta atsala pang'ono, ndipo kuli anthu m'mitengo mbali ya kumunsi, amayi ndi makanda. Anati munthu wodziwa bwato abwera yekha.

Ndinaima m'mphepete mwa madzi mpaka kunada. M'mawa mwake ndinaimanso pomwepo. Bwato lililonse likatulukira ndinkalowa m'madzi kulichingamira, anthu n'kumandikoka. Amayi ake anaima chapatali, malaya aja ali m'manja. 

Madzi ataphwa, asodzi anapeza bwato lake litakodwa m'mabango kutali kumunsi, litang'ambika mbali imodzi. Iye sanapezeke. Abale ake anayenda m'dambo monse ndi nsungwi, akufukula matope paliponse pamene pankamveka fungo. Anapeza anthu ena, anapeza ng'ombe. Ine ndinapita ndekha ku chulu chija, matope akundifika m'ntchafu. Bwemba unali chiimire. Pa thunthu lake panali chingwe cha bwato, chomangidwa mfundo yake imene ndinkaidziwa, chitaduka. Anafika ndithu. Anamangirira bwato, anakwera pachulu, anapeza palibe munthu. Kaya anaganiza kuti bambo akokoloka n'kuyamba kuwafunafuna m'madzi, kaya chingwe chinaduka iye ali pomwepo, palibe amene adzandiuze.

Mabanja onse awiri tinakhala pa sukulu ija, ife m'kalasi ina, iwo m'kalasi yoyandikana nayo, khoma lokha pakati. Ndinkamva amayi ake akulira. Tsiku lina mkulu wake anaima pakhomo pathu n'kuuza bambo kuti mwapha m'bale wanga. Ndinkayembekeza kuti bambo agwetsa nkhope, kapena anena liwu limodzi lachisoni. Anati:

"Ndinamuitana ine?"

Anthu anachita kuwagwira amuna awiriwo. Kuyambira tsiku limenelo sindinawayang'anenso bambo kumaso.

Popeza thupi silinapezeke, kwawo anaika thunthu la nthochi m'manda. Ndinapita, mimba itayamba kuoneka. Ndisanafike pa msasa, alongo ake anandichingamira panjira. Mmodzi anandithira dothi kumaso, wina anati ndabwera kudzaonerera ntchito ya manja athu. Ndinamva nyimbo za maliro ake nditakhala m'munda wa mapira wa munthu wina, umene unali utagona pansi wonse.

Mng'ono wanga anali ku sekondale nthawi imeneyo. Pofuna kundisangalatsa anandifotokozera sewero lakale limene ankaphunzira m'kalasi, la achinyamata awiri a mabanja odana. Anati onse awiri amafa, koma pamapeto makolo amagwirana chanza. Ndinamufunsa ngati mtsikanayo anali ndi pakati, ndiponso ngati anatsala wamoyo kuti azitunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu omutukwana. Anati ayi. Ndinamuuza kuti ndiye anali ndi mwayi. Mng'ono wangayo analira, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

Dimba lija linakwiririka ndi mchenga, moti ngakhale udzu sumerapo. Koma mkangano unapeza pena pokhala. Nditabereka mwana wamwamuna, a kwawo anatuma uthenga kuti mwanayo ndi magazi awo, akangosiya kuyamwa adzamutenga, chifukwa kwawo mwana ndi wa kuchimuna. Bambo anga, amene anali asanamunyamulepo n'kamodzi komwe, anayankha kuti palibe chimene anapereka pakhomo pano, mwanayo ndi wathu, ndipo amene adzamukhudze adzaona. Achimwene anayamba kunola chikwanje poyera. Mwana ali ndi miyezi yochepa ndinamubereka kumbuyo, ndinakwera kabaza, ndinachoka osatsanzika wina aliyense kupatula amayi.

Tsopano ndimakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika wina ku Nsanje, ndimakazinga zitumbuwa ndi tchipisi. Amayi amabwera mwakamodzikamodzi, amanamiza bambo kuti apita kuchipatala. Amati bambo anasiya kusoka maukonde, amangokhala, ndipo mvula ikayamba kugwa amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Sindiwafunsa zambiri.

Mwezi watha mnansi wanga anandiuza kuti kunabwera munthu wa mkono wokhota, amafunsa za mayi wogulitsa zitumbuwa amene ali ndi kamnyamata. Sanamuuze kanthu. Kuyambira pamenepo mwanayo sindimulola kukasewera kutali. Ndimamukhazika pa thumba pambali pa mbaula, utsi ukumulowa m'maso, iye akulira kuti akufuna anzake. Katundu wanga ndinamanga kale m'chitenje, ali pansi pa bedi. Ndafunsa za ku Bangula, ndafunsa za ku Ngabu, koma kulikonse kumene ndatchula kuli wachibale wa mbali ina kapena inzake.