Ng'ombe Inagwera Panjira

Ana anga akakumana, mpaka lero amakumbutsana za chaka chimene tinadya nyama ya ng'ombe mpaka kuikana. Amaseka, amati chinali chaka cha mwanaalirenji. Ine ndimangonyamuka n'kupita kukhitchini, chifukwa ndikakhala pomwepo ndingalalatire ana osalakwa.

Nthawi imeneyo tinkakhala kufupi ndi Malindi, kumene amuna anga ankaphunzitsa pa pulayimale. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndinakulira pafupi ndi khola, ndiye usipa masana, usipa madzulo unanditopetsa chaka choyamba chomwe. Chambo tinkangochiona chikudutsa pa njinga kupita kumahotela. Nyama ya ku boma inali yonyoza munthu. Upalase njinga mpaka kuwoloka mlatho, wa m'butchala akuponyere pa sikelo chifupa chokutidwa ndi kanyama kopyapyala, kenako akuyang'ane ngati wakuchitira chifundo. Ndine ndinayambitsa nzeru yoti mabanja angapo tizisonkha, tikagule ng'ombe yathunthu ku famu ina ya kumtunda, njira ya ku Namwera, tidzagawane. Tinapezeka mabanja asanu ndi limodzi, atatu a kutchalitchi, atatu a kumzikiti. Ng'ombe yoyamba inayenda bwino, ndipo aliyense anaona kuti ku butchala tinkangobedwa.

Lamulo linali limodzi ndipo panalibe wolitsutsa: ng'ombe izingidwe ndi Msilamu, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Kunyanja zimenezi sizidabwitsa munthu. Ngakhale nkhuku yanga ndinkaitumiza kwa aneba kukazingidwa ndikadziwa kuti kubwera alendo. Wozinga ng'ombe yathu anali bambo wina wa sitolo, mwini zilimila ziwiri zophera usipa, munthu wa mzuli woyera ngati sunakhudzeko fumbi. Ukulu wa gulu anadzipatsa yekha, chifukwa mtengo wa mango umene tinkagawirana pansi pake unali kuseri kwa sitolo yake.

Wokusa ng'ombe kuchokera ku famu anali bambo wina wothawa nkhondo. Anabwera kuchokera ku Mozambiki ndi mkazi wake ndi ana anayi, n'kumanga kanyumba kumapeto kwa mudzi, kumene dothi ndi mchenga wokhawokha. Chiyawo chake chinali chomwechi cha pano, mzikiti womwewu, koma anthu akamamutchula ankangoti wa nkhondo uja. Kwawo anali ndi ng'ombe zake, asilikali anadya zonse. Ankadziwa kuyenda ndi ng'ombe popanda kuimenya, amangoilankhula chapansipansi, iyo n'kumamutsatira. Malipiro ake anali mutu ndi mang'ina basi. Munthu wobadwira pano sakanavomera kuyenda mtunda wonse uja chifukwa cha mutu wa ng'ombe.

Ng'ombe yachiwiri tinakagula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapita ndekha kukasankha, poti ndinkadzitama kuti ng'ombe ndimazidziwa. Ndinakwera lole, ndinagona kwa aphunzitsi anzathu kumtundako, m'mawa ndinamupeza bambo uja atafika kale pa chipata cha famu. Ndinayang'ana mano, ndinagwira m'nthiti, ndinasankha mfule wamkulu wonenepa kuposa onse. Iye anandiuza mwaulemu kuti ng'ombe ya mafuta choncho, yozolowera mthunzi, kutsika nayo mapiri pa dzuwa lotere n'kovuta, bola ina yocheperako. Sindinamvere. Maso anga anali pa mafuta, ndinkawerenga kale mabeseni. Cholakwa choyamba pa nkhani yonseyi chinali changa, ndipo sindinachibisepo.

Mapiri tinatsika bwinobwino. Dzuwa litafika paliwombo, titatsala ndi mtunda wa maola awiri, ng'ombe inayamba kutulutsa thovu. Tinafika pa mtsinje wina wouma, inagwada, n'kugona chammbali. Bambo uja anati ndithamange ndikapeze madzi. Panali dimba chapatali, ndinabwereka ndowa kwa mayi amene ankathirira mpiru, ndinatunga pachitsime, ndinabwerera chothamanga madzi akundikhutukira kumsana. Ndinapeza wazinga kale. Ng'ombe anali ataitembenuzira kumpoto monga amachitira Asilamu, magazi ambiri atalowa mumchenga, iye akupukuta mpeni ndi masamba. Anandiuza kuti inali itayamba kutembenuza maso, ndipo akanadikira ikanafa yokha, mabanja atatu a kumzikiti akanataya zonse. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Anthu a pafupi anatithandiza kusenda, tinabwereka ngolo, tinafika pa sitolo dzuwa litapendeka.

Amayi anali atayala kale masamba a nthochi pansi pa mango, aliyense ndi beseni lake. Wa sitolo uja anatuluka atanyamula mpeni wake, n'kupeza ng'ombe yabwera pa ngolo ili zidutswa. Ndinafotokoza zonse. Anazungulira ngolo kawiri, osagwira nyama. Wokusa uja anaima pambali atapinda chingwe m'manja, koma wa sitolo sanamuyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

“Amayi aphunzitsi, inuyo munaiona ikuphupha mpeni usanadutse? Munamva ndi makutu anu akutchula dzina la Mulungu?”

“Ndinali kotunga madzi,” ndinatero. “Koma magazi amene ndinapeza...”

Anakweza dzanja, ndipo mawu anga anathera pomwepo. Anatembenukira anthu n'kuyamba kulankhula mofatsa ngati akulangiza ana. Anati sakunena munthu, koma anthu a nkhondowa avutika, m'tchire muja anadya chilichonse, zofa zokha zomwe, ndiye munthu wotere akaona ng'ombe yafa m'manja mwake angachite mantha n'kuidula pakhosi kuti abise. Anati iye pakhomo pake sangalowetse nyama yokayikitsa.

Wa sitoloyu Lachisanu lililonse ankaswali ndi wokusa uja mzere umodzi, phewa ndi phewa. Atamwalira amalume a wa sitoloyo, amene anakumba manda mpaka matuza m'manja anali wa nkhondo yemweyo, ndipo tsiku limenelo palibe anafunsa ngati dzanja lake ndi loyera. Pokumba manda anali m'bale, pa mpeni anasanduka mlendo. Ndipo taonani mboni imene anaisankha: ine, mayi wa kutchalitchi, amene mawu oyenera kunena pozinga sindikanawasiyanitsa ndi moni. Mwini nkhani ali chiimire pomwepo, pakamwa ali napo, koma pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti achimwene, zinayenda bwanji.

Mabanja ena awiri a kumzikiti anayang'anana. Mayi mmodzi anali atagwira kale beseni ndi manja awiri, ana ake atamuunjirira, maso ali pa chiwindi. Koma amuna a mabanja onse awiri ankapalasa mabwato a wa sitoloyo, ndipo wokuthandiza kusenza katundu sumuponda chala. Beseni linabwerera pamutu lopanda kanthu. Wina anati tikafunse ashehe, koma ashehe anali ku Makanjira ku maliro, ndipo nyama ya mu Okutobala siidikira munthu. Ntchentche zinali zitayamba kale.

Amuna anga, anthu okonda mtendere ndi masamu, ndi amene anamaliza nkhani. Anagwirizana ndi wa sitolo kuti ife a kutchalitchi titenge nyama yonse, ndipo enawo tiwabwezere theka la zimene anasonkha, poti ngozi ilibe mwini. Wa sitolo anavomera ngati munthu wopereka sadaka. Pobwerera kunyumba, beseni likundithyola khosi, amuna anga anayamba kundiwerengera mmene tapindulira, kuti nyama yotchipa chonchi sitidzaionanso. Anati wagwa nayo wina, wadya wina. Ndinawayang'ana, n'kuona kuti akusangalaladi. Ndinatha masiku atatu ndikungowaikira chakudya pa tebulo osatsegula pakamwa, iwo n'kumaganiza kuti ndatopa ndi ulendo.

Masiku amenewo ndinali kucheka nyama m'mizere, kuthira mchere, kuwamba pa waya wa nsomba amene ndinabwereka kugombe. Utsi unalowa m'zovala, m'mabuku a amuna anga, m'tsitsi. Ana anga milomo inkangonyezimira. Ana a mayi wa beseni uja, amene tsiku lililonse ankasewera phada pabwalo pathu, analetsedwa kuponda pakhomo, ndipo ankaima kuseri kwa mpanda akununkhiza. Ndinkafuna kuwapatsa, koma kuwapatsa kukanakhala kuyambitsa mlandu wina.

Mutu ndi mang'ina ndinakapereka ndekha tsiku lomwe lija dzuwa lisanalowe. Ndinawonjezapo chiwindi chonse ndi nyama ya ntchafu, ngati kuti chiwindi chingatsuke munthu. Wokusa uja ndinamupeza atakhala pa mphasa akusoka dengu. Analandira mutu ndi mang'ina ndi manja awiri, zinazo anandibwezera, anati pangano lathu silinali lotero. Ndinamuuza kuti ndalakwa, ndikanangonena kuti ndinamva, nkhani ikanatha. Anandiyankha maso ali pa dengu.

“Mukananama, amama, ndipo akanakukhulupirirani. Bodza lanu likanalemera kuposa mawu anga. Chimenecho ndiye chikanandipweteka koposa.” Anabaya singano mu dengu. “Inu munanena zimene munaona. Ine akanangondifunsa.”

Mkazi wake sanaphikire kuseri monga mwa masiku onse. Anaika mafuwa kutsogolo kwa nyumba, pamene njira ya kugombe imadutsa, anawawula mutu pomwepo, anauphika pomwepo. M'mawa mwake bambo uja anakhala pa mphasa ndi ana ake onse anayi, anatchula dzina la Mulungu mokweza, n'kudya asodzi akudutsa. Ena ankayang'ana kumbali.

Ashehe atabwera anamva nkhani, ndipo ndinauzidwa kuti sanachedwe nayo. Anati mawu a Msilamu pa nyama imene wazinga ndi okwanira, ndipo munthuyo anachita bwino kupulumutsa chakudya cha anthu. Ndinayembekeza kuti wa sitolo apita kumapeto kwa mudzi kukapepesa. Ndinali wopusa. Ankangouza ogula mchere pa kauntala kuti iye anangosamala, kusamala si tchimo. Pofika nthawiyo nyama inali itauma kale m'madengu a ife atatu, ndipo tinadya mpaka mvula inagwa, mpaka chimanga chinafika m'mawondo. Ine ndinkadya nawo. Sindinganame kuti ndinasala. Ndinkaphika, ndinkagawa, ndinkadya, ndipo inkakoma, ndiye chimene chimandikwiyitsa kwambiri.

Titakolola, gulu linakumananso pansi pa mango kuti tikagule ng'ombe yachitatu. Onse anavomereza kuti wokusa akhale yemwe uja, poti wina wa mtengo umenewo kunalibe. Kenako wa sitolo anawonjezera kuti pofuna kupewa za chaka chatha, atumiza mlamu wake kuti aziyenda nawo atanyamula mpeni, ng'ombe ikagwa azinge iyeyo. Mlamu ameneyu mudzi wonse unkamudziwa. Kachasu ankamwera m'mabango, kumzikiti ankaonekako pa Idi pokha, ndipo ng'ombe ankaiopa ngati mvuu. Koma anabadwira pano, mchombo wake unakwiriridwa pano, basi anali woyenera. Ndinafunsa ngati mawu a ashehe anali mphepo chabe. Amuna anga anangondikoka chitenje. Ndinaimirira n'kunena kuti gulu ndinaliyambitsa ndine, koma ndatulukamo, adye okha. Kunyumba kunali mkangano, ana analira, tinabwerera ku usipa.

Ndinkaganiza kuti wokusa uja nayenso akana. Mumtima ndinkafuna akane, awatukwane, kuti mkwiyo wanga upeze mnzake. Koma ine ndinali ndi malipiro a amuna anga kumapeto kwa mwezi, iye anali ndi ana anayi ndi munda wa mchenga. Kukana ndi kwa okhuta.

Patapita masiku awiri ndinali kuchapa pa mjigo pamene ankadutsa pobwerera ku famu. Ng'ombe inali yocheperako, yoyenda bwino, mtundu umene anandilangiza ine ndisanamvere. Iye anali kutsogolo ndi chingwe, akuilankhula chapansipansi. Atandiona anaima, anandipatsa moni, anafunsa za ana mmodzimmodzi. Ndinayankha, koma maso anga anali pa mlamu uja, amene ankabwera pambuyo akudzandira pang'ono, mpeni wokulunga m'nsanza uli m'khwapa. Wokusayu kwawo anathawa anthu omuyenda kumbuyo ndi mipeni, ndipo ife, chifukwa cha nyama yotchipa, tinamupezera wina.