Denga la ku Kamvunguti

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Bambo anga a Matiyasi anali padenga. Amalume a Fulanziko anali nawo konko. Mayi anga a Nangozo ankasankha nyemba pamphasa. A Zakaliya, oyandikana nafe, anali chikhalire pachitsa, ntchito yawo kulankhula basi. Panali mlongo wanga Dominga. Ndiyeno ine, Zuze.

Tinkafolera nyumba. Kunali ku Kamvunguti, mbali ya Apwitikizi, kuseri kwa mapiri a Dedza. Dzinalo ndalilemba ndekha, ndi dzanja langa, ngakhale sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri.

Ine ndinkaponya mitolo ya udzu padenga. Palibe mnyamata amene ankandiposa kuponya. Luzi linatha. Lina tinali titaliviika kumtsinje. Bambo anati ndipite ndikatenge. Ndinakana, ndinati kumtsinje ndi kwa akazi. Dominga anadzuka, nʼkumanga nsalu yake yofiira, nʼkupita akudya nzimbe.

Msewu wa asilikali unkadutsa pamtsinje pomwepo.

Bambo ali padenga anaona magalimoto a asilikali akubwera. Anaima, mpeni uli mʼmanja. Kenako mfuti zinalira. Anyamata a mʼtchire, omenyera ufulu, anali atabisala pamlatho, ife osadziwa. Bambo anatsika osadzera pamakwerero.

Tinathawira kuphiri. Mayi ananyamula lichero la nyemba. Nyemba zinathera mʼnjira koma licherolo sanalitaye. A Zakaliya anathawa nafe limodzi.

Tili pamwamba tinaona utsi. Nyumba zinkapsa imodziimodzi. Yathu inachedwa, poti mbali ina inalibe udzu.

Mʼmawa mwake amalume anatsikira kumtsinje. Anapeza luzi lili mʼmadzi, mwala wotsindira uli pomwepo. Dominga sanamupeze.

Tinayenda masiku atatu. Tinkadya masuku. Mayi ankayenda kumbuyo kwa tonse, akucheuka. Tinatulukira ku Malawi dzuwa lili paliwombo. Mayi wina anatipatsa mbatatesi zophika, ndipo mayi anga analandirira mulichero lija. Anagawa magawo asanu ndi limodzi.

Tsopano ndakalamba. Ndili ku Nairobi kwa mwana wanga Yohane, ndinabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Amakhala ku Runda, kumene mlonda wa pageti amanditcha mzee, ndiye kuti mkulu, ndipo anthu amalankhula ngati mʼnyumba muli wodwala.

Lamlungu lapitali kunabwera mtsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Tamanda. Amaphunzira pa yunivesite konkuno, akulemba mbiri ya anthu a mʼmalire. Anagwada bwinobwino, wamakhalidwe ndithu. Anaika foni patebulo kuti izimva mawu anga. Ndinamufotokozera za mudzi, za magalimoto, za moto.

Anasisita foniyo ndi chala, nʼkunena kuti, “Agogo, Kamvunguti pamapu palibe.”

Ndinati, “Mapu anajambula ndani?”

Anati mapepala a Apwitikizi amene wawerenga amanena kuti kuderako kunali tchire, anthu anali atasamukira kale kumidzi yampanda mwa kufuna kwawo. Mabuku amene analembedwa ufulu utabwera amanena kuti tonse tinali kumbali ya anyamata a mʼtchire. Anandifunsa kuti ine ndinali kuti.

“Ndinali pansi pa denga, ndikuponya udzu!”

Anafunsa chaka. Chaka sindichidziwa. Anafunsa ngati ndili ndi pepala lililonse. Anati aphunzitsi ake sangalole mudzi wopanda umboni, koma akhoza kulemba kuti mkulu wina akukumbukira choncho.

Mkulu wina! Ine Zuze, mwana wa Matiyasi!

Ndinamenya tebulo, makapu anagubuduka. Yohane anati, “Bambo, tsitsani mawu, anthu akumva kunja.” Ndinati amve. Wotentha nyumba ndiye analemba kuti kunalibe nyumba. Wobisala pamlatho analemba kuti tinamutuma ndife. Onsewo ali ndi mapepala. Ife tinali ndi lichero.

Ndinaimirira nʼkuyamba kuwerenga anthu pazala. Matiyasi. Fulanziko. Nangozo. Zakaliya. Ndinafika pa chala chachisanu, dzina linatuluka lokha. Ndinati Dominga anapita kumtsinje chifukwa ine ndinakana. Ndinati ngati kunali tchire, ndiuzeni amene anaviika luzi lija.

Mtsikanayo anazimitsa foni. Anati akafunsa aphunzitsi ake. Sanalonjeze kanthu. Yohane anamuperekeza mpaka pokwerera timabasi timene kuno amati matatu.

Bambo anamwalirira ku Dedza. Mayi nawonso. Amalume anabwerera kwawo nkhondo itatha, anapeza pamudzi pathu anthu ena akulima fodya, dzina lake lina. A Zakaliya sindikudziwa kumene anathera. Amene anaona denga lija ndatsala ndekha, ndipo maso angawa akupita.

Yohane atabwerako ndinkayembekeza kuti andidzudzule za makapu. Anakhala pampando osavula nsapato. Anatenga kope la mwana wake ndi cholembera, nʼkundiikira patsogolo.

Anati, “Bambo, mtsikana uja mwamukalipira kuti wasiya mudzi. Nanga inu? Ine ndamera imvi osadziwa kuti ndinali ndi azakhali. Lembani, muyambe ndi mayina.”